Mphenzi Kapena Chiswe: Kodi Nkhondo ya pa Makompyuta Ndi Nkhondodi?

Madzulo a pa 23 Disembala 2015, m'chipinda choyendetsera magetsi mumzinda wa Ivano-Frankivsk, kumadzulo kwa Ukraine, wogwira ntchito wina anaona kamuvi ka pa kompyuta yake kakuyenda kokha, dzanja lake lili pambali. Kamuviko sikankasochera ayi. Kanalunjika pa batani lozimitsira siteshoni ina ya magetsi, n'kudina, n'kuvomera funso lotsimikizira, kenaka n'kupita pa siteshoni yotsatira. Atagwira mausi kuti alanditse zinthu, anapeza kuti siikumumvera, ndipo posakhalitsa makinawo anamutulutsa, pasiwedi yake itasinthidwa. Tsiku limenelo makampani atatu ogawa magetsi anachitidwa chipongwe chofanana, ndipo makasitomala pafupifupi 225,000 anakhala mumdima pakati pa chisanu choopsa cha kumeneko. Mainjiniya anakwera magalimoto n'kupita ku masiteshoni kukabweza magetsi ndi manja, moti pomatha maola 6 nyumba zinali zitawalanso. Akatswiri ofufuza za nkhondo ndi za mphamvu za mayiko amatchula madzulo amenewa mbali zonse ziwiri za mtsutso wawo. Ena amati taonani, munthu ali kutali wazimitsa mizinda osaombera ngakhale chipolopolo chimodzi. Anzawo amati taonani, miyezi yambiri yokonzekera yangobala mdima wa maola ochepa, wonga umene mphepo yamkuntho imabweretsa ikagwetsa mapolo. Kodi kompyuta yasanduka chida chimene mayiko amphamvu angagonjetsere anzawo, kapena takhala zaka makumi atatu tikuyang'ana kumwamba kudikira mphenzi pamene vuto lili pansi pa mapazi athu?

Mantha amenewa sanayambe dzulo. Mu 1993, intaneti ikadali yakhanda, John Arquilla ndi David Ronfeldt a ku bungwe lofufuza la RAND ku America analemba kuti nkhondo ya pa makompyuta ikubwera, ndipo kuti wopambana m'tsogolo adzakhala amene wachititsa khungu mdani wake pomusokonezera mauthenga. Ambiri anayamba kuwatchera khutu mu 2007, pamene boma la Estonia linasamutsa chipilala cha msilikali wa Soviet Union kuchichotsa pakati pa mzinda wa Tallinn. Kwa masabata atatu mawebusayiti a mabanki, a nyuzipepala ndi a boma anapanikizidwa ndi mauthenga osefukira mpaka kutsekeka, m'dziko limene anthu anali atazolowera kale kuchita zambiri pa intaneti. Chaka chotsatira bungwe la NATO linatsegula malo ofufuzira za chitetezo cha makompyuta mumzinda womwewo. Kenaka mu Okutobala 2012 nduna ya zachitetezo ya America, a Leon Panetta, anachenjeza ku New York kuti dziko lawo likhoza kugwidwa modzidzimutsa ngati mmene zinachitikira ku Pearl Harbor mu 1941, koma ulendo uno kudzera m'makompyuta: masitima kugwetsedwa m'njanji, madzi akumwa kuipitsidwa, magetsi kuzima. Ganizo la mbali imeneyi silopusa, ndipo tisalipeputse. Likuti dziko likamatukuka limapachika moyo wake wonse pa waya. Woukira amangofuna khomo limodzi loiwalika pamene woteteza ayenera kulondera makomo onse. Chidacho n'chotsika mtengo poyerekeza ndi ndege yankhondo. Ndipo akamenya, kumudziwa kumatenga miyezi. Ngati zonsezi n'zoona, ndiye kuti dziko laling'ono, ngakhale kagulu ka anthu khumi, kakhoza kugwaditsa chimphona.

Mbali inayo inayamba ndi funso looneka ngati lachibwana koma lolemera: kodi nkhondo n'chiyani? Thomas Rid, amene pa nthawiyo ankaphunzitsa ku King's College London, analemba nkhani mu 2012 ndi buku mu 2013 zonena kuti nkhondo ya pa makompyuta sinachitikepo ndipo n'zokayikitsa kuti idzachitika. Anabwerera kwa Carl von Clausewitz, msilikali wa ku Prussia amene maganizo ake amaphunzitsidwabe m'masukulu a asilikali, n'kukumbutsa kuti nkhondo ili ndi zizindikiro zake: pamakhala chiwawa chotha kupha, chiwawacho chimakhala njira yokakamizira mdani kuchita zimene iwe ukufuna, ndipo pamakhala mwini wake wandale amene amadziwika. Atayeza zimene zinali zitachitika pa makompyuta, anapeza kuti ndi ntchito zitatu zakale ngati maufumu enieniwo, zimene zangovala malaya atsopano: kuwononga katundu wa mdani mobisa, ukazitape, ndi kudyetsa anthu zowachititsa kusiya kukhulupirira atsogoleri awo. Erik Gartzke wa ku University of California, San Diego anawonjezera mfundo imene ine ndimaiona kuti ndiyo msana wa mtsutso wonsewu. Mzinga umagwira ntchito ngakhale usanaphulike. Umaonetsedwa pa perete kuti mdani auone, aope. Chida cha pa kompyuta chimadalira chibowo chimene mwini nyumba sakuchidziwa. Ukangomuuza kuti ndili ndi kiyi wa chitseko chako chakuseri, usiku womwewo asintha loko. Ukachigwiritsa ntchito, chibowocho chimaululika n'kutsekedwa. Choncho n'chovuta kuopseza nacho, ndipo zambiri zimene chawononga zimakonzeka. Sichilanda mudzi, sichikhazika msilikali pa mlatho.

Pa funso la nkhondoli ine ndili kumbali ya okayikawa, ndipo mboni yanga yoyamba ndi chida chimene a mbali ya mantha amachitchula koposa, Stuxnet. Mu 2010 kampani ina yaing'ono ya ku Belarus inatulukira vairasi yachilendo m'makompyuta a ku Iran. Itasanthulidwa, inapezeka kuti inapangidwira malo amodzi okha: fakitale ya Natanz, kumene makina zikwizikwi opota mothamanga kwambiri ankasefa uranium. Vairasiyo inkasokoneza liwiro la makinawo mpaka kuthyoka, uku oyang'anira akuona manambala onama akuti zonse zili bwino. Mu 2012 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti ntchitoyi inali ya America ndi Israel, ngakhale maboma awiriwa sanavomerepo poyera. Ofufuza anayerekeza kuti makina pafupifupi 1,000 anawonongeka. Koma Jon Lindsay, ataifufuza nkhaniyi mu 2013, anaonetsa kuti phunziro lake n'losiyana ndi limene anthu ankalengeza. Kuti vairasi yotere ipangidwe panafunika akazitape odziwa mmene fakitaleyo inamangidwira, mainjiniya odziwa makinawo, malo oyeserera, ndalama zambiri ndiponso zaka. Mnyamata wokhala m'chipinda chake ndi laputopu sakanaipanga. Ndi ntchito ya dziko limene lili ndi mphamvu kale, kutanthauza kuti chida chimene ankati n'cha ofooka chinakomera amphamvu. Phindu lakenso linali lochepa. Iran inasintha makina othyokawo, ndipo uranium wosefedwa anapitiriza kuchuluka. Chimene chinabweza ntchitoyo m'mbuyo kwa kanthawi chinali pangano la 2015, lobwera ndi zokambirana ndi zilango za zachuma. Ndipo pamene America inafuna kugumula Natanz ndi fakitale inzake ya Fordow mu Juni 2025, inatumiza ndege za B-2 ndi mabomba olemera oboola nthaka.

N'chifukwa chiyani chida chotamandidwa chonchi chimabala zochepa? Lennart Maschmeyer, amene pa nthawiyo anali ku ETH Zurich ndipo anafufuza zimene Russia inachita ku Ukraine kuyambira 2014, anapereka yankho mu 2021. Woukira amafuna zinthu zitatu: kufulumira, kupweteka kwambiri, ndi kuwongolera chidacho kuti chimenye pamene iye akufuna. Vuto n'lakuti ukakoka chimodzi zinazo zimakuthawa, ngati bulangeti lalifupi limene ukafunda kumutu mapazi amakhala pamtetete. Ukafulumira, umakhala usanaidziwe bwino nyumba ya mdaniyo, ndiye umangokanda khoma. Ukafuna kupweteka kwambiri, uyenera kukhala m'nyumbamo mwakachetechete miyezi yambiri, ndipo tsiku lililonse ukhoza kugwidwa. Ukafuna zonse ziwiri pamodzi, umamasula chida chodzifalitsa chokha, ndipo chikatuluka sichikumveranso. Amene anazimitsa magetsi mu 2015, omwe boma la America linawaimba mlandu mu 2020 kuti ndi asilikali a bungwe la akazitape la GRU la Russia, analowa m'makompyuta a makampaniwo miyezi ingapo m'mbuyo kudzera m'maimelo achinyengo, n'kumaphunzira ntchito ya eni ake mpaka kuidziwa. Mu Disembala 2016 anabweranso ndi pulogalamu yopangidwira kulamula makina a magetsi mwachindunji, ndipo anazimitsa gawo la Kyiv kwa pafupifupi ola limodzi. Boma la Ukraine silinagonje pa mfundo iliyonse chifukwa cha mdima umenewo.

Mayeso enieni anafika pa 24 Febuluwale 2022. Apa panali dziko la zida za nyukiliya, lodziwika kuti lili ndi akatswiri othyola makompyuta a m'gulu loyamba, likuukira dziko limene linakhala likulipisa m'matumba kwa zaka 8. Ngati mphenzi ija inali yoti igwe, tsiku lake linali limeneli. China chake chinagwadi: kutatsala pafupifupi ola limodzi kuti akasinja awoloke malire, netiweki ya setilaiti ya kampani ya Viasat inaukiridwa, ndipo timabokosi tolumikizira intaneti zikwizikwi tinafa, ku Ukraine ndi kumayiko ena; ku Germany makina 5,800 opanga magetsi ndi mphepo anasiya kulumikizana ndi owayang'anira. Mavairasi ofufuta zonse za m'makompyuta anatumizidwa m'maofesi a boma ndi m'makampani. Koma mabanki anapitiriza kulipira, masitima anapitiriza kunyamula othawa nkhondo, ndipo Pulezidenti Volodymyr Zelensky anapitiriza kulankhula ndi dziko lonse pa foni ali m'misewu ya Kyiv. Mu Epulo chaka chomwecho chiwembu china chozimitsa magetsi chinadziwika n'kulepheretsedwa. Tsono taonani zimene Russia inachita itafunitsitsadi kuti Ukraine igone mumdima. Kuyambira pa 10 Okutobala 2022 inayamba kuphulitsa masiteshoni a magetsi ndi mizinga ndiponso ma drone a Shahed ochokera ku Iran, ndipo anthu mamiliyoni anakhala opanda magetsi, madzi ndi zotenthetsera nyumba. Thiransifoma imene yazimitsidwa ndi kompyuta imayatsidwanso madzulo omwewo, pamene yopsa ndi mzinga imafuna ina yatsopano, ndipo kupanga yaikulu kumatenga miyezi.

Otsutsa ali ndi mayankho awiri, ndipo onse ndi oyenera kuwamva. Loyamba n'lakuti Ukraine inapulumuka chifukwa inatetezedwa mwapadera, osati chifukwa chidacho n'chofooka: zaka za kumenyedwa zinaiphunzitsa, masiku ochepa nkhondo isanayambe aphungu anasintha lamulo kuti zolembedwa za boma zithe kusamutsidwira ku maseva a kunja, ndipo makampani ngati Microsoft ndi Amazon, pamodzi ndi asilikali a America, anathandiza. Zimenezi n'zoona, koma zikugwetsa nsanamira ya mbali yawo yomwe. Paja ankati woteteza sangapambane chifukwa makomo ndi ambiri. Apa dziko losalemera kwenikweni, koma lokonzeka ndiponso lokhala ndi abwenzi, linaima nji. Amatchulanso Kyivstar, kampani yaikulu ya mafoni imene inagwetsedwa mu Disembala 2023, makasitomala pafupifupi 24 miliyoni n'kukhala opanda netiweki. Kumeneko kunali kumenya kopweteka, ndipo m'madera ena machenjezo a mizinga anasokonekera. Komabe m'masiku owerengeka mafoni anayambanso kulira, ndipo asilikali m'maenje awo sanasunthe chifukwa cha zimenezo.

Yankho lachiwiri ndi lolemera, sindingalikankhire pambali. Amati zimphona zenizeni, America ndi China, sizinamenyanebe, ndiye tikulengeza zigoli mpira usanayambe. Mu Meyi 2023 Microsoft ndi mabungwe achitetezo a America ndi a mayiko ogwirizana nayo analengeza za gulu lotchedwa Volt Typhoon, limene amati limagwirira ntchito China ndipo linafika ngakhale pa chilumba cha Guam, pamene pali malo aakulu a asilikali. Mu Febuluwale 2024 mabungwewo anati gululi linalowa m'makompyuta a magetsi, madzi, mauthenga ndi zamtengatenga, ndipo kuti kwina linakhalamo zaka zosachepera 5. Silinkawononga kanthu, linkangokhala, ngati munthu amene wasomeka machesi padenga la udzu kudikira tsiku. China imakana zonsezi. Ben Buchanan anali atafotokoza kale mu 2017 kuopsa kwa khalidwe lotere: amene walowa m'kompyuta yako kudzangoona ngati ukumukonzera chiwembu, ndi amene walowa kudzatchera msampha, amasiya mapazi ofanana. Ukawapeza pa nthawi ya mkangano sudziwa kuti ndi uti, ndipo mantha amakuuza kuti uganize choipa koposa. Zikakhala kuti makompyutawo ndi amene amachenjeza za mizinga ya nyukiliya, kulakwitsa kumodzi kukhoza kupha anthu osawerengeka. Ndikuvomera, ndipo imeneyi ndiyo mbali ya kafukufukuyu yofunika kuikapo mtima kwambiri. Koma taonani bwino chimene chikuopedwa apa. N'chakuti kompyuta ikhoza kusokoneza mitu ya anthu ogwira mizinga, kapena kuchedwetsa masitima ankhondo masiku angapo nkhondo yeniyeni itayamba kale. Imeneyo ndi ntchito ya mthandizi wa mfuti, yosiyana kutali ndi zimene tinalonjezedwa zakuti mfuti yapeza wolowa m'malo mwake. Ndipo zimene zaoneka mpaka pano zikuloza kwina. Brandon Valeriano ndi Ryan Maness atawerenga zochitika zodziwika pakati pa mayiko odana kuyambira 2001 mpaka 2011, anapeza kuti zambiri zinali zazing'ono ndipo sizinkabala nkhondo. Mu Juni 2019 Iran itagwetsa ndege ya America yopanda woyendetsa, Pulezidenti Donald Trump analetsa kuponya mabomba, ndipo malinga ndi manyuzipepala America inabwezera pa makompyuta, njira imene inalola mbali zonse kubwerera m'mbuyo popanda maliro.

Komatu amene angamve zonsezi mtima n'kukhala pansi, ndikusiyana naye pompano. Mphenzi imaopsa chifukwa imamveka, koma nyumba zambiri m'mudzi zimagwa ndi chiswe, chimene chimadya nsichi ndi mapaso mkati kunja kukuoneka bwinobwino, mwini nyumba n'kumagona mosatekeseka mpaka tsiku limene denga lamutsikira. Mu 2015 zinadziwika kuti mafailo a anthu 21.5 miliyoni anabedwa ku ofesi yoyang'anira ogwira ntchito m'boma la America, mafailo ofotokoza ngongole zawo, abale awo ndi zofooka zawo, pamodzi ndi zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni. Palibe anafa, koma kwa kazitape wofuna munthu womugula kapena womuopseza, nkhokwe yotere amadyamo zaka makumi. Mu Disembala 2020 zinaululika kuti akazitape, amene America inati ndi a Russia, anathira poizoni wawo m'pulogalamu ya kampani ya SolarWinds, ndipo makasitomala pafupifupi 18,000 anailandira poganiza kuti ndi kukonza kwabwino kochokera kwa mwini wake. Nayonso America manja ake si oyera pa nkhaniyi; zikalata zimene Edward Snowden anatulutsa mu 2013 zinaonetsa kutalika kwa makutu ake, amene sankasiya ngakhale abwenzi. Michael Fischerkeller, Emily Goldman ndi Richard Harknett analemba mu 2022 kuti mpikisano weniweni uli pamenepa: kukankhana kosalekeza, kwa tsiku ndi tsiku, kumene mwadala sikufika pa mlingo wa nkhondo, koma kumene phindu lake likaunjikana limasintha mphamvu za mayiko. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Okayika aja anapambana mlandu wa dzina, koma amene angaime pa dzina lokha adzaphonya zimenezi.

Chiswe sichifunsanso kuti nyumbayi ndi ya yani. Pa 27 Juni 2017 vairasi yotchedwa NotPetya inamasulidwa kudzera m'pulogalamu ya M.E.Doc, imene makampani a ku Ukraine amalembera misonkho. Cholinga chinali Ukraine, koma kampani iliyonse yokhala ndi kaofesi kumeneko inasanduka mlatho. M'maola ochepa vairasiyo inafika ku makampani a mankhwala, a zakudya ndi a mtengatenga m'mayiko akutali, ngakhalenso ku Rosneft, kampani ya mafuta ya dziko la Russia, lomwe America ndi Britain anati ndilo linaitumiza. Akuluakulu a boma la America anayerekeza kuti dziko lapansi linataya madola 10 biliyoni. Kampani ya Maersk ya ku Denmark, imene makontena ake amadzaza madoko a dziko lonse, inafa ziwalo: zipata za madoko ena zinatsekeka, malole anandanda makilomita, ndipo anthu ankalemba katundu pa mapepala ndi pa WhatsApp. Anayenera kukonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku 10. Mtolankhani Andy Greenberg anafotokoza mmene anapulumukira. Maseva onse osunga ndandanda ya amene ali ndi chilolezo cholowa mu netiweki ya kampaniyo anali atafufutika, kupatula seva imodzi yokha ya mu ofesi ya ku Ghana, imene inali yosalumikizidwa chifukwa magetsi anali atathima vairasiyo isanafike. Intaneti ya kumeneko inali yochedwa moti kutumiza zonsezo pa waya kukanatenga masiku, ndipo ogwira ntchito a ku Ghana analibe ziphaso zolowera ku Britain kumene kunali gulu lokonza. Choncho mmodzi anakwera ndege ndi hard drive m'chikwama mpaka ku Nigeria, n'kuipereka pabwalo la ndege kwa mnzake amene anapitiriza nayo ulendo wa ku London. Kampani yaikulu chonchi inadzuka chifukwa cha kuthima kwa magetsi kwangozi ndi kachikwama kameneko.

Pali amene amati mankhwala a zonsezi ndi kuyamba ndiwe kumenya. Kuyambira 2018 America inatenga mfundo yokakumana ndi mdani m'makompyuta ake omwe asanafike kwawo, ndipo ofufuza atatu aja amaiikira kumbuyo. Mfundoyi ili ndi nzeru yake, pakuti sungapirikitse anyani m'munda uli chikhalire pakhonde. Koma ili ndi mtengo umene amalipira ndi ena. Kuti ukhale ndi zida, uyenera kusunga zibowo zimene wazipeza m'mapulogalamu amene dziko lonse limagwiritsa ntchito, osauza owapanga. Bungwe la akazitape la America la NSA linasunga chibowo chotere cha mu Windows, pamodzi ndi chida chake chotchedwa EternalBlue. Chidacho chinabedwa n'kutayidwa poyera mu Epulo 2017. Pa 12 Meyi vairasi ya WannaCry, imene America ndi Britain anati inachokera ku North Korea, inakwera pa chidacho n'kufika m'mayiko pafupifupi 150. Ku England odwala pafupifupi 19,000 anabwezedwa pa masiku awo oonana ndi dokotala kapena ochitidwa opaleshoni. Patangotha masabata 6 ndi masiku ochepa, NotPetya inakwera pa chida chomwecho. Walira mvula walira matope, koma apa matopewo anaponda ndi anthu amene sanalire mvula. Choyeneranso kukumbukira n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka chibowocho mu Marichi, ndipo ambiri amene WannaCry inawagwetsa ndi amene anachedwa kuchiika.

Kafukufuku wambiri amene ndatchulayu walembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo funso lake lalikulu limakhala lakuti kodi chimphona china chingagwetse chinzake. Za amene akhala pansi pa mapazi a zimphonazo sizifunsidwa mokwanira, chikhalirecho ndi iwo amene alibe kampani yaikulu yothamangira kudzawathandiza pakati pa usiku. Mu Januwale 2018 nyuzipepala ya Le Monde inalemba kuti kwa zaka 5 makompyuta a likulu la African Union ku Addis Ababa, nyumba imene China inamanga ngati mphatso n'kutsegulidwa mu 2012, ankatumiza zinthu ku Shanghai usiku uliwonse. China inakana, ndipo akuluakulu a bungwelo nawonso anaitsutsa nkhaniyo. Funso limene inadzutsa ndilo silinafe: amene wakumangira nyumba, wakuikira mawaya, ndipo ndi yemweyo amene amakonza zikawonongeka, kaya ndi wa kum'mawa kaya wa kumadzulo, amadziwa zotani za iwe? Mu Julayi 2021 makompyuta a Transnet ku South Africa anagwidwa, ndipo madoko a makontena, kuphatikizapo Durban kumene kumadutsa katundu wina wobwera ku Malawi ndi Zambia, anabwerera ku mapepala kwa masiku angapo. Zizindikiro zake zinali za akuba ofuna dipo, koma khomo limene wakuba walowera ndi lomwelo limene kazitape angalowere. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti anathyoledwa ndipo othyolawo akufuna dipo. Ena anatsutsa kuti gwero lake linali mkangano wa kontrakiti. Kaya chinali chiti, anthu ofuna kupita kuchipatala kunja, kusukulu ndi kuntchito anadikira masabata ambiri, ndipo dziko linaona kuti makiyi a kaundula wake sanali m'manja mwake mokwanira.

N'chifukwa chake dzina limene timapatsa chinthuchi lili ndi kanthu. Tikachitcha nkhondo, ndalama ndi ulamuliro zimapita kwa asilikali ndi akazitape, nkhani imatsekeredwa m'chipinda cha chinsinsi, ndipo maboma ena amapezerapo danga lotcha wodzudzula aliyense wa pa Facebook mdani wa dziko. Tikachiona monga chilili, ntchito imagwera anthu amene satchuka: wa ku ofesi ya misonkho amene amaika zigamba pa nthawi yake, injiniya wa magetsi amene sanaiwale kuyatsa siteshoni ndi manja, wapolisi ndi woweruza odziwa umboni wa pa kompyuta, wolemba kontrakiti amene amaonetsetsa kuti makiyi atsala ndi boma. Mu 2015 akatswiri a maboma ku United Nations, a Russia ali pomwepo, anagwirizana kuti dziko lisawononge dala zinthu zimene anthu wamba amadalira. Miyezi yowerengeka pambuyo pake magetsi a ku Ivano-Frankivsk anazima. Mgwirizano wotere ndi woyenera kuumenyera, koma sungatilondere usiku. Malawi ali ndi lamulo la 2016 la zochitika pa makompyuta ndi chitetezo chake, ndiponso lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Tsono aphungu athu, pokambirana bajeti ikubwerayi, aitane oyang'anira kaundula wa nzika, wa misonkho, wa mapasipoti ndi wa malipiro a boma, awafunse pamaso pa anthu: kope lina likusungidwa kuti, makiyi ake ali ndi yani, ndipo munaliyesa liti komaliza kuti muone ngati likugwira ntchito?